Basela la pa High Road

Kalata inafika Lachiwiri m'mawa, Justina Chikuse akuthira ayisi pa nsomba. Anapukuta manja pa epuloni, nang'amba envulopu ndi mpeni wotumbulira makerele. Anawerenga koyamba ali chiimire. Kachiwiri anawerenga atakhala pa kreti, chala chikutsata mzere uliwonse. Kachitatu sanafike kumapeto. Maso ake anakodwa pa mawu amene m'Chingerezi cha kalatayo anali osalala ngati sopo, koma tanthauzo lake linali limodzi: kunamiza ogula.

"Ine?" anatero, ngakhale m'sitolo munalibe munthu. "Ine Justina?"

Panali patatha chaka chimatire chizindikiro pa galasi la sitolo yake ya pa High Road ku Tottenham. Chinali kansomba kobiriwira m'kati mwa bwalo loyera. Mwini chizindikirocho linali bungwe lina loima palokha, ndipo chinkauza wogula kuti nsomba iyi inagwidwa mosamala, ndi asodzi osasesa nyanja mpaka ana a nsomba. Palibe anamukakamiza kulowa m'bungwemo. Analowa yekha, atalimbikitsidwa ndi Wilbroad, mwana wa mlongo wake Jailos. Wilbroad anaphunzira za nsomba pa yunivesite momwemo mu London ndipo tsopano ankagwira ntchito mu ofesi ina ya boma. Justina anagula mabokosi ena ndi mipeni ina, nagawa firiji pakati: nsomba za chizindikiro kumanja, zopanda chizindikiro kumanzere. Ankapukuta kansomba ka pagalasiko m'mawa uliwonse asanasese pakhomo.

Tsopano kalata inkati pa 9 Januwale 2007 woyendera wa bungwe anabwera osadziulula, nagula kilo imodzi ya makerele a chizindikiro. M'jumbo la chizindikiro anapezamo tinsomba tina tisanu ndi tiwiri topanda umboni wa kumene tinagwidwa. Chizindikiro chayimitsidwa. Kuti chibwerere, asaine fomu yovomereza kuti ananamiza ogula, ndipo aibweze pasanathe masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu.

Anamukumbukira munthuyo. Anali mzungu woonda wa jekete lotuwa, mphuno itafiira ndi chisanu, wolankhula mwaulemu ngati mkamwini watsopano. Justina anamumvera chisoni. Atayeza kilo yake, dzanja linapita lokha ku beseni la pambali, kumene kunkakhala tinsomba tating'ono ta m'madzi a mchere timene Amalawi a ku London ankatitcha usipa wa kuno. Anatapa pang'ono naponya pamwamba. Basela.

Belu la pachitseko linalira. Analowa Tsitsi, wogula wa masiku onse, mwana wa Mmalawi wa ku Dedza koma wobadwira pa famu ku Kadoma, amene ankasamalira okalamba ku Edmonton.

"Mwadzuka, Mayi Chikuse? Nanga nkhope ikuchita ngati mwameza munga bwanji?"

Justina anangomupatsa kalatayo. Tsitsi anawerenga, naseka mpaka kugwira tebulo, kenaka anasiya kuseka ataona kuti akuseka yekha.

"Ndiye kuti mlandu wanu ndi wopatsa? Kwathu wothamangitsidwa pamsika anali wobera sikelo. Kuno akuthamangitsa woonjezera!" Anapinda kalata. "Sainani basi, amayi. Pepala siluma."

"Limaluma. Dzina langa lidzakhala pansi pa mawu amenewo mpaka ine nditafa."

"Ndani adzawerenge?"

"Ine ndawerenga kale."

Amayi ake a Justina anagulitsa matemba mu msika wa Limbe zaka makumi atatu, ndipo sanalole wogula kuchoka ndi mulu wokhawokha. Ankati kupatsa n'kuika. Ankatinso basela satapa pa mulu umene munthu walipira, amatapa pambali, kuti wogula aone ndi maso ake kuti ichi sichinachoke pa muyeso, chachoka pamtima. Justina anawoloka nyanja ndi mwambo umenewo pamodzi ndi zitenje zake. Zaka khumi ndi zinayi pa High Road, Mjamaika, Mturki, Mghana, onse ankadziwa kuti jumbo la pa sitolo imeneyi limalemera kuposa zimene sikelo yanena.

Wilbroad anabwera Lamulungu masana, atavala jekete la ku tchalitchi. Sitolo inali yotseka. Anawerenga kalata ataimirira pafupi ndi firiji, ndipo anachedwa nayo kwambiri kuposa kutalika kwake.

"Lankhula," anatero Justina. "Unandilowetsa ndiwe."

"Anti, nkhani yake ndi yotere. Mabungwe a zizindikiro achuluka, ena abodza. Ndiye boma likulemba malamulo oti bungwe lililonse lizitsata, ngakhale kuti kulowa m'bungwe n'kofuna munthu. Malamulowo sanatuluke, akadali omvera maganizo a anthu. Koma bungwe lanuli lathamangira kuyamba kuwatsata, pofuna kuoneka labwino. Ndime 14 imati m'chotengera chilichonse chokhala ndi chizindikiro musapezeke nsomba iliyonse yopanda umboni, kaya ndi yochuluka kapena yochepa motani, kaya yalipiridwa kapena ayi."

"Kaya yalipiridwa kapena ayi! Ndiye kuti wolembayo anaganiziratu za ife opatsa? Ndi munthu wa mtundu wanji ameneyo? Anabadwa kwa mkazi? Anayamba wadyapo chakudya cha munthu wina?" Anaima mwadzidzidzi, namuyang'ana. "Wili, mawu amenewo m'kalatamo mulibe. Ukuwadziwa bwanji pamtima?"

Wilbroad anaika kalata pa tebulo pang'onopang'ono.

"Ndime imeneyo ndinalemba ndine, Anti."

Kunja basi inadutsa, galasi linanjenjemera.

"Iwe? Iwe amene unagona kuseri uku pa matiresi zaka zitatu? Unafika ku Heathrow ndi juzi limodzi, mano akugundana! Madigiri ako onsewo anachokera m'beseni ili. Unkadya chiyani uli pa sukulu? Makerele a chizindikiro? Unkadya basela, iwe! Lero wakwera pamsana pa njovu ukuti pansi palibe mame."

"Sindinaganize za inu polemba. Ndinkaganiza za makampani amene amasakaniza matani a nsomba zakuba ndi zabwino, n'kumati zinazo ndi mphatso kwa wogula."

"Sunaganize za ine. Wanena wekha."

"Koma ndimeyo si yolakwika."

"Ukuti chiyani?"

"Si yolakwika!" Mawu a Wilbroad anakwera, chinthu chimene anali asanachitepo pamaso pa azakhali ake. "Chambo cha ku Malombe chinatha bwanji, Anti? Panabwera chilombo? Ayi. Aliyense ankati ndi kadzanja kamodzi kokha, tiana ta nsomba tochepa tokha, lero lokha. Ababa nawonso ankatero. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Khoka la ababa lili kuti lero? Munaliona chaka chatha. Ndi mpanda wa nkhuku! Tinsomba ta m'beseni lanuli mukudziwa kumene timachokera?"

"Usanditchulire mlongo wanga m'sitolo mwanga pofuna kupambana mkangano."

"Ndangofunsa. Mukudziwa?"

"Tuluka."

Wilbroad anatola chipewa chake. Pachitseko anatembenuka. "Lachitatu likubwerali kuli msonkhano womvera maganizo ku Westminster. Aliyense wokhudzidwa ali ndi ufulu wolankhula mphindi zitatu."

"Ndati tuluka!"

Lachitatu Justina anamata pepala pachitseko loti atsegula masana, nakwera sitima ya pansi pa nthaka pa siteshoni ya Seven Sisters atanyamula chikwama chosungira zozizira. Anavala chitenje chake cha chigwirizano cha amayi pamwamba pa siketi yaubweya. M'sitima anabwereza Chingerezi chake chamumtima, ndipo nthawi iliyonse akafika pa mawu akuti kunamiza, mawu ena onse ankabalalika.

Chipinda cha msonkhano chinali chofunda, cha kapeti wokhuthala. Kutsogolo kunakhala anthu anayi a boma, pakati pawo mayi wa tsitsi la imvi amene ankatsogolera. Kumapeto kwa tebulo kunali Wilbroad, mutu uli pa mapepala. Analankhula anthu a masitolo akuluakulu, a mabungwe a zizindikiro, a zachilengedwe. Onse ankatchula nsomba ndi manambala. Justina ananunkhiza mpweya, nazindikira kuti m'chipinda chonsecho wonunkha nsomba anali iye yekha.

Dzina lake litaitanidwa, sanapite pa maikolofoni. Anapita pa tebulo lenilenilo, natsegula chikwama. Anatulutsa makerele atatu, nawaika m'jumbo la chizindikiro. Kenaka anatulutsa kabeseni.

"Izi munthu walipira," anatero m'Chingerezi, akukweza jumbo. "Izi sanalipire." Anatapa tinsomba naponya m'jumbomo. "Tsopano mundiuze, inu ophunzira. Ndamubera chiyani? Kalata yanu ikuti ndinamunamiza. Ndinamuuza kuti tinsombati n'ta chizindikiro? Anandifunsa? Anati zikomo, natuluka, nakalemba kuti ndine wabodza. Munthu wadya za m'dzanja langa!"

"Mayi Chikuse," anatero wotsogolera mofatsa, "kalatayo si yathu, ndi ya bungwe lanu."

"Bungwe likuti ndi ndime yanu. Inu mukuti ndi kalata ya bungwe. Wonditukwana ndani tsono? Mphepo?"

Ena anaseka. Bambo wina wa suti, wa kampani ya masitolo, anakweza dzanja. "Pepani, koma njira yake ndi yapafupi. Mayiwa angosiya kupereka zaulere. Komanso pulogalamuyi ndi yolowa mwakufuna. Ngati siikuwayenera, khomo ndi lotsegula."

Justina anatembenuka thupi lonse. "Bambo, inu munayamba mwayang'anapo wogula wanu m'maso? Mukudziwa amene mwamuna wake wachotsedwa ntchito? Amene akutumiza zonse kumudzi, iye n'kumadya buledi ndi tiyi? Ine ndimawadziwa. Sindingawafunse, angachite manyazi. Ndimangoonjezera basela, kwa iwo ndi kwa wina aliyense, kuti wosauka asadziwike. Inu mukuti ndisiye, ngati n'kuvula chipewa."

"Mawu amene mwatchulawo," anatero wotsogolera, cholembera chili m'mwamba, "ba-se-la. Tiwalembe bwanji m'kaundula wa msonkhano? Kuchotsera mtengo?"

"Si kuchotsera mtengo!"

"Kutsatsa malonda?"

"Si kutsatsa!" Chingerezi chinamuthera. Analoza kumapeto kwa tebulo. "Mufunseni uyo. Analeredwa nalo."

Mitu yonse inatembenukira kwa Wilbroad. Iye anaika cholembera chake pansi. Kenaka anakankha mpando, naimirira.

"Mayiwa ndi azakhali anga," anatero. "Ndinayenera kunena zimenezi msonkhano usanayambe, ndipo ndikupepesa. Basela ndi kanthu kamene wogulitsa amaonjezera malonda atatha kale. Sikalowa pa mtengo, ndipo sikatapidwa pa mulu wogulidwawo. Ndinadya basela la mayiwa zaka zitatu, ndipo ndime 14 ndinailemba ngati munthu amene sanalionepo." Anatembenukira kwa wotsogolera. "Komabe sindikupempha kuti ndimeyo ichotsedwe. Jumbo la chizindikiro ndi lonjezo, ndipo chilichonse cholowamo chimavala lonjezolo. Ndinaona nyanja ikutha nsomba chifukwa cha tizinthu tating'ono totere. Chimene ndikupempha n'chakuti tionjezere mzere wolola mphatso, ikakulungidwa payokha m'pepala lopanda chizindikiro. Ndiponso kuti munthu wopatsa asamalembedwe dzina limodzi ndi wakuba."

"Tamva," anatero wotsogolera, akulemba. "Tidzaziunika pamodzi ndi maganizo ena onse. Wotsatira."

Basi. Mphindi zitatu zinali zitatha. Justina analongedza nsomba zake, nasiya dontho la madzi a ayisi pa mapepala a munthu wa boma. Wilbroad anayesa kumuyang'ana, koma iye anatuluka osacheuka. Komabe sindikupempha kuti ichotsedwe! Pamaso pa azungu onsewo, mwana wa Jailos anamupatsa ndi dzanja limodzi nalanda ndi linalo.

Mkwiyo unamuperekeza mpaka ku Tottenham, koma funso lija la Lamulungu linakana kutsala m'sitima. Loweruka, pamene Rogers, Mzambia amene ankamubweretsera nsomba pa vani, ankatsitsa mabokosi, Justina analoza bokosi la tinsomba tija.

"A Rogers, usipa uwu umachokera kuti?"

"Ku maketi, amayi."

"Usanafike ku maketi."

Rogers anakanda m'mutu, naseka. "Mu manzi, kaili! Nsomba ichoka kuti?"

"Madzi ake ati? Anagwira ndani? Ndi akuluakulu atere, kapena ndi ana a nsomba zina?"

"Ah, amayi, imwe mufunsa monga ba polisi lelo. Nimagula kuli munthu wamene amagula kuli munthu. Ni vochipa, ndiye chabe."

Vani itapita, Justina anatenga kansomba kamodzi nakaika pachikhatho. Kanali kafupi kuposa chala chake chapakati, diso lake loyera ngati mkanda. Anakumbukira khola la kwa Jailos ku Mangochi, khoka lobiriwira litakulungidwa pa nsichi, nkhuku zikusuzumira m'maso mwake. Anakumbukiranso Jailos mwini, atakhala pakhonde masanasana, manja aakulu aja ali pa maondo opanda chogwira. Anakaponya kansombako m'beseni mwamphamvu. Zinamupweteka kuti mnyamatayo sananame, ndipo zinamupweteka kwambiri kuti anali iye wonena.

Koma fomu sanasaine. Tsiku lomaliza litakwana, anatenga mpeni, natuluka panja pa chisanu, napala chizindikiro pagalasi anthu akudutsa. Kansomba kobiriwira kanachoka tizidutswatizidutswa. Panatsala bwalo la galasi loyera kuposa pena ponse.

"Mwachotsa nokha?" anafunsa Tsitsi madzulo ake.

"Ndinamata ndekha."

"Nanga ogula anu achizungu a ku Crouch End, obwerera kansombako?"

"Apite kumene kuli kansomba. Walira mvula walira matope, ndinalowa ndekha. Koma wabodza sindine."

Azunguwo anapitadi. Loweruka lililonse mbali ya kumanja ya firiji inkatsala yodzaza. Justina anapitiriza kugula makerele omwewo kwa asodzi omwewo, kuwasunga kumanja monga kale, ngakhale panalibenso wodzayendera. Tinsomba ta Rogers anasiya kuitanitsa. Anafunsafunsa mpaka anapeza msodzi wa ku gombe la Essex amene ankatha kutchula bwato lake ndi tsiku limene anaponya ukonde. Za zimenezi sanauze aliyense. Wilbroad anaimba foni kanayi, ndipo kanayi konse inalira mpaka kutopa.

Anabwera yekha mu Juni, Lachisanu masana, dzuwa likuwomba pa High Road. Anadikira kuti ogula awiri atuluke, kenaka anaika mapepala awiri pa tebulo, kutali ndi madzi.

"Azakhali," anatero, mawu amene ankawasungira pa maliro ndi pa milandu. "Malamulo atuluka. Ndime 14 ili momwe inalili, koma pansi pake pali mzere watsopano. Pepala lachiwirili ndi la bungwe. Akuti amene anayimitsidwa chifukwa cha mphatso angathe kubwerera osasaina fomu ija. Mawu aja awachotsa."

Justina anavala magalasi, nawerenga osagwira pepala. Mzerewo unali waufupi. Mawu akuti basela munalibe.

"Miyezi inayi kuti mulembe mzere umodzi?"

"Unadutsa m'manja mwa anthu khumi ndi mmodzi. Ine anandichotsa pa ntchito imeneyo tsiku lomwe lija, chifukwa cha chibale. Anamaliza ndi ena."

"Anachita bwino." Anavula magalasi. "Kupepesa kwawo kuli pati?"

"Palibe."

"Ndinadziwa. Ukawauze abwere adzamate okha. Ine ndinamata kamodzi, zinakwana." Anapukuta mpeni pa epuloni. "Wabwera kudzagula kapena kudzaima?"

"Kilo imodzi ya makerele."

Justina anasankha atatu kumanja kwa firiji, nawaika pa sikelo. Muvi unapitirira pang'ono. Anatenga mpeni, nadula kachidutswa kumchira, nayezanso. Unapitirirabe ndi kamzere kamodzi. Anadulanso, mpaka muvi unaima pa kilo ndendende, osapendekera uku kapena uku. Anamanga jumbo, nalikankhira kutsogolo.

"Monga mwa lamulo," anatero.

Wilbroad analandira ndi manja awiri, nayang'ana tizidutswa ta mchira totsala pa thabwa. Anatembenuka, nagwira chitseko, belu linalira.

"Iwe."

Anacheuka. Justina sankamuyang'ana. Anali atang'amba pepala loyera lopanda cholembedwa chilichonse, ndipo dzanja lake linali kale m'beseni la pambali. Anatapa kamodzi, nazengereza, natapanso. Anakulunga, napinda nsonga zonse ziwiri monga ankachitira amayi ake ku Limbe.

Wilbroad anabwerera, natsegula kukamwa kwa jumbo.

"Osati mmenemo, wopusa iwe," anatero Justina. "Bweretsa dzanja linalo."